Edward Jenner, Dokotala wa Kumudzi Amene Anatipatsa Katemera

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nkope. Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 3, anandibweretsera kope lake chifukwa aphunzitsi a Bayoloje anawatuma kukafufuza za katemera. Anali atalemba kale masamba awiri, koma zambiri zinali zomwe anatola kudoko: zoti katemera amatseketsa kubereka, ndi zoti azungu anamupanga kuti atichepetse. Nditamufunsa yemwe anayambitsa katemera, anangoyang'ana pansi. Sindinamudzudzule, pakuti nanenso, anzanga, dzina la Edward Jenner ndinangoliloweza pofuna kukhoza mayeso basi. Tsono ndati ndilembe pano zomwe ndinamufotokozera, mwina ena a inu muli ndi ana omwe apatsidwa ntchito yomweyi.

Jenner anabadwa pa 17 Meyi 1749 m'mudzi wa Berkeley ku England. Bambo ake anali mbusa, koma makolo onse awiri anamwalira iye ali ndi zaka zisanu, ndipo analeredwa ndi mkulu wake Stephen. Masiku amenewo nthomba inali mliri woopsa zedi. Pa anthu khumi odwala nthomba yeniyeni, pafupifupi atatu ankamwalira, ndipo ambiri mwa otsala ankakhala ndi zipsera kumaso, ena khungu. Ife a ku Nkope, omwe tinakula tikuona ana osaona akuphunzira pa mishoni, tikudziwa kuti khungu ndi chiyani pa moyo wa mwana.

Njira yodzitetezera inalipo kale, ndipo sanayambitse ndi azungu. Ku Asia ndi m'madera ena a mu Africa muno anthu ankatenga mafinya a wodwala nthomba n'kutemera munthu wabwinobwino, monga mmene asing'anga amatemera mphini. N'chifukwa chake mawu athu oti katemera sitinachite kubwereka. Wotemeredwayo ankadwala pang'ono n'kuchira, ndipo nthomba sinkamugwiranso. Koma ena ankamwalira nayo, komanso ankatha kupatsira anzawo. Jenner mwini anatemeredwa motere ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, atayamba amusalitsa chakudya ndi kumuchotsa magazi, ndipo anazunzika kwambiri.

Ali mnyamata anaphunzira ntchito kwa dokotala wina kufupi ndi Bristol, kenaka mu 1770 anapita ku London kukaphunzira kwa John Hunter, katswiri wa opaleshoni amene ankaumiriza ophunzira ake kuyesa zinthu m'malo mongoganizira. Jenner akanatha kukhala mu mzinda n'kulemera, koma anabwerera kumudzi. Chodabwitsa n'chakuti ulemu wake woyamba sanaupeze pa zamankhwala. Bungwe la akatswiri la Royal Society linamulandira mu 1789 chifukwa cha mbalame yotchedwa cuckoo, yomwe imaikira mazira m'chisa cha mbalame zina. Iye anakhala akuonerera mpaka anapeza kuti mwanapiye wake ndiye amakankhira kunja mazira ndi ana a mwini chisa.

Kudera kwawoko alimi ankanena kuti amayi okama mkaka, akatenga matuza kuchokera ku mabere a ng'ombe, nthomba siwagwira. Ophunzira ambiri ankaziyesa nkhambakamwa za kumudzi. Jenner sanazikhulupirire msanga, komanso sanazinyoze. Anayamba kulemba mbiri ya munthu aliyense amene anadwalapo nthomba ya ng'ombeyo. Pa 14 Meyi 1796 anatenga mafinya pa dzanja la Sarah Nelmes, wokama mkaka, n'kutemera pa mkono wa James Phipps, mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu, mwana wa wantchito wake wa m'dimba. Mnyamatayo anatentha thupi pang'ono n'kuchira. Mu Julaye Jenner anamutemera nthomba yeniyeni, koma sanadwale.

Apa mwana wa mlongo wanga anandidula mawu, nafunsa ngati bambo a mnyamatayo akanatha kukanira bwana wawo. Funsoli linandigwira mtima. Lero dokotala wochita zotere angamangidwe, ndipo kafukufuku aliyense pa anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa oyesedwa. Chomwe ndinganene pomuikira kumbuyo n'chakuti kutemera ana nthomba yeniyeni kunali kofala masiku amenewo, kuti mu 1798 anatemeranso mwana wake wakhanda Robert, ndi kuti Phipps atakula Jenner anamupatsa nyumba yokhala osalipira. Ndinamuuza mtsikanayo kuti funso lakelo alilembe m'kope.

Royal Society inakana kusindikiza zomwe anapeza, ponena kuti umboni unali wochepa, ndipo pamenepo sinalakwe. Jenner anaonjezera anthu ena, ndipo mu 1798 anasindikiza yekha kabuku kofotokoza za anthu 23. Mphekesera sizinachedwe. Mu 1802 wojambula James Gillray anajambula anthu otemeredwa akumera nyanga ndi mitu ya ng'ombe m'matupi, ndipo ena ankati n'kuchimwa kuika za nyama m'thupi la munthu. Zakudoko zija, mwaona, zili ndi makolo ake.

Tisaiwale kuti mlimi wina, Benjamin Jesty, anali atatemera kale mkazi wake ndi ana awiri nthomba ya ng'ombe mu 1774. Kusiyana kwake n'kwakuti Jenner anayesa, analemba, natumiza katemera kwa aliyense womupempha. Anamanga kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba yake komwe ankatemera osauka mwaulere, mpaka ntchito yake yopezera ndalama inalowa pansi. Nyumba ya Malamulo inamupatsa mapaundi 10,000 mu 1802 ndi ena 20,000 mu 1807. Anamwalira ndi sitiroko pa 26 Januwale 1823, asanadziwe n'komwe chifukwa chomwe katemera wake ankagwirira ntchito. Lero mwana wa Fomu 3 amadziwa: kachilombo ka nthomba ya ng'ombe n'kofanana ndi ka nthomba ya anthu, choncho asilikali a m'thupi amakaphunzira, amasunga chikumbukiro, ndipo mdani weniweni akafika amapeza atakonzeka kale.

Munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anali wa ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa atha pa dziko lonse. Mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma oyambirira.

Tisanasiyane ndinamuonetsa chipsera cha pa mkono panga, cha katemera wa chifuwa chachikulu. Kenaka tinapita kwa agogo ake, omwe anavundukula nsalu n'kumuonetsa chawo cha nthomba, chachikulu ndi chozungulira ngati ndalama yachitsulo. Mmawa mwake anatenga kope latsopano n'kupita kukafunsa alangizi a zaumoyo chifukwa chomwe amanyamulira katemera m'bokosi loziziritsa.