Wosoka Nsapato Amene Anapeka Masewera a Nthano

Malemu Gary Gygax anabadwira mu mzinda wa Chicago ku America m'caka ca 1938. Nchito ya inshuwalansi itawathera mu 1970, anayamba kusoka nsapato kuti adyetse banja, koma kulemba malamulo a masewera sanaleke ai.

Pamodzi ndi Dave Arneson anapeka Dungeons & Dragons. Osewera amakhala mozungulira tebulo, mmodzi nkumasimba nthano, enawo nkumadziyesa ngwazi za m'nthanomo. Akaponya madayisi mpamene amadziwa ngati ngwaziyo yapambana kapena yagwa. Atasowa kampani yowasindikizira, Bambo Gygax ndi anzao awiri anasonkha ndalama, natulutsa okha makope 1,000 mu 1974.

Comvetsa cisoni ncakuti kampani imene anaivutikirayo, TSR, inawapulumuka m'manja mu 1985. Anamwalira ku Lake Geneva mu 2008.