Yotam Muleya, Mnyamata wa Liwiro

Yotam Muleya anabadwa m'caka ca 1940 m'mudzi wa Mudukula, m'boma la Choma. Nthawi imeneyo dziko lathu linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo linali kulamulidwa ndi azungu.

Yotam atakula anapita ku Lusaka kukaphunzira nchito yokonza magalimoto pa sukulu ya Hodgson. Kumeneko anthu anaona kuti mnyamatayu anali ndi liwiro zedi. Akayamba kuthamanga, sanali kutopa msanga.

Mu Disembala 1958 kunali mpikisano waukulu mu mzinda wa Salisbury, umene lero tiucha Harare, ku Zimbabwe. Unali wa mamailo atatu, ndiye pafupifupi makilomita asanu. Kunabweranso Gordon Pirie wa ku Britain, katswiri amene anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olimpiki a 1956.

Koma panali vuto. Masiku amenewo kunali tsankho. Munthu wakuda sanali kuloledwa kupikisana ndi mzungu. Akuluakulu ena a masewera anafuna kumuletsa Yotam cifukwa ca khungu lake cabe. Anthu ambiri anadandaula, ndipo pomaliza anamulola.

Tsiku la mpikisano kunagwa mvula, bwalo lonse linali matope okhaokha. Yotam anathamanga wopanda nsapato. Anamupitirira Pirie, namusiya kutali pafupifupi mamita 90. Anatsiriza m'mphindi 14 ndi masekondi 48. Iye ndiye anakhala woyamba! Anthu anaona okha kuti liwiro silisankha khungu.

M'caka ca 1959 Yotam anapatsidwa mwayi wokaphunzira zamasewera ku America. Mwatsoka, mu Novembala caka comweco anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Michigan. Anali ndi zaka 19 cabe.

Dziko la Zambia silinamuiwale. Ku Lusaka kuli mseu ndiponso sukulu ya pulaimale zochedwa dzina lake. Lero ana a ku Petauke ndi ku Nyimba amathamanga pa masewera a sukulu, ena wopanda nsapato monga iye. Palibe amene angawaletse cifukwa ca khungu lawo. Yotam ndi mmodzi wa amene anatsegula njira imeneyi.

Mafunso
1. Kodi Yotam anabadwira kuti?
2. N'cifukwa ciani ena anafuna kumuletsa kuthamanga?
3. Ndani amene Yotam anagonjetsa ku Salisbury?
4. Chulani zinthu ziwiri zochedwa dzina la Yotam.