Antoine Lavoisier, munthu amene anapima kutentha kwa moto

Aliyense adziwa kuti malasha akayaka pa mbaula apatsa kutentha. Koma kupima kuti kutenthako ndi kocuruka bwanji inali nchito yobvuta, ndipo mmodzi wa oyamba kuigwira anali Antoine Lavoisier wa ku France.

Lavoisier anabadwira mu mzinda wa Paris pa 26 August 1743, m'banja lolemera. Anaphunzira za malamulo monga atate ake, koma mtima wake unali pa sayansi. Mu 1768 analowa m'bungwe la akatswiri la Académie des Sciences. Caka comweco anagulanso gawo m'kampani ya Ferme générale, imene inali kukhometsa msonkho m'dzina la mfumu. Ndalama za msonkho ndizo zinam'gulira masikelo ndi zipangizo zodula. Mkazi wake, Marie-Anne Paulze, amene anam'kwatira mu 1771, anali kulemba ndi kujambula zimene anali kupeza.

Iye anaonetsa kuti cinthu cikamapsa cimagwirizana ndi mbali ina ya mpweya, imene anaicha oxygen. M'nyengo yozizira ya 1782 mpaka 1783, pamodzi ndi Pierre-Simon Laplace, anapanga ciwiya cozingidwa ndi madzi oundana. Akaotcha kanthu m'kati mwake, madziwo anali kusungunuka, ndipo kulemera kwa madzi otsika kunali kuonetsa muyeso wa kutentha kumene kwatuluka.

Ataotcamo malasha, anaikamonso mbira yamoyo. M'maola khumi, thupi lake linasungunula magalamu pafupifupi 400. Poyerekeza mpweya umene mbirayo inatulutsa ndi wa malasha aja, anapeza kuti kupuma ndi kuyaka kwa pang'onopang'ono: cakudya cimapsa m'thupi monga nkhuni, ndiye cifukwa cake thupi limafunda. Anaonanso kuti kutentha kumene kutuluka pamene zinthu zigwirizana ndi kofanana ndi kumene kufunika kuti zilekanitsidwenso. Germain Hess anapitiriza nchitoyi mu 1840, ndipo ana a sekondale aiphunzira pa mutu wa enthalpy.

Nzeru imeneyi itithandiza ngakhale ife. Mbaula ndi munthu wogona zimalimbirana mpweya umodzi, ndipo malasha akasowa mpweya wokwanira atulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo. Musagone ndi mbaula m'cipinda cotseka m'mwezi wa June.

Boma la mfumu litagwedezeka mu 1789, anthu sanaiwale okhometsa msonkho, makamaka cifukwa ca linga limene kampani yao inamanga kuzungulira Paris kuti katundu asalowe osalipira. Lavoisier anagwidwa, naweruzidwa tsiku limodzi lokha. Pa 8 May 1794 anam'dula mutu pamodzi ndi anzake 27, apongozi ake ali momwemo. Anali ndi zaka 50.

Anadziwa kupima kutentha kwa malasha ndi kwa thupi, koma mkwiyo wa anthu osauka amene anali kulipira msonkho sanaupime.