George James ndi Vayolini Yake

Tikamakamba za chiyambi cha mpingo wathu m'Malawi muno, timathamangira ku Malamulo, chaka cha 1902, ndi dzina la Thomas Branch. Timayiwala George James, amene anatsogola kufika mu 1893.

James anali wa ku England, katswiri woyimba vayolini, chida chonga kaligo wathuyu. Atalandira uthenga wa Adventist ku America anakaphunzira pa Battle Creek College, ndipo kumeneko mtima wake unayaka pofuna kubwera ku Africa. Akuluakulu owona za umishonale sanamutume. Sitikuwaweruza, iwo anayang'ana thumba la mpingo, monga amachitira makomiti athu lero. Iye anagulitsa katundu wake nadzilipirira ulendo, vayolini yokha ndiyo anasunga.

Atafika kuno ankayenda m'midzi. Akayimba, anthu ankasonkhana kudzaona kabokosi kolira ngati munthu, iye n'kuyamba kuwauza za Yesu ndi za Sabata. Mmodzi mwa amene anacheza naye nkhani ya Sabata anali Joseph Booth, mmishonale amene anali atangoyambitsa mishoni pa Mitsidi, kufupi ndi Blantyre.

Mu 1894 anamva kuti anzake a chikhulupiriro afika ku Solusi, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ananyamuka kukawaona, koma malungo anamugwira m'sitima ya pamadzi, namwalira. Anamuika m'mbali mwa mtsinje, m'manda opanda chizindikiro.

Ife ophunzira zauphunzitsi tazolowera kuyesa munthu ndi malikisi. Tikanakhala ndi cholembera chofiira mu 1894, James tikanamulemba kuti walephera: sanasiye mishoni, sanasiye sukulu, chaka chimodzi chokha basi. Iye mwininso, ali chigonere m'sitimamo, maso ake sakanaona kupyola pamenepo. Paulo anachenjeza Akorinto kuti kudziwa kwathu pano n'kwapang'ono, ndipo timaloweza vesilo mosavuta, koma kulikhulupirira pamene ntchito yathu ikuoneka yopanda phindu ndiye povuta.

Booth uja anadzayamba kusunga Sabata patapita zaka zingapo, ali ndi a Seventh Day Baptist, natsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo. Mu 1902 malowo anagulidwa ndi mpingo wa Adventist, ndipo Booth yemweyo ndiye anabwera ndi banja la Branch. Mu 1907 dzina linasintha kukhala Malamulo. Kuchokera kumeneko uthenga unakwera mpaka kuno kwathu kwa Njewa, ku Nsaru ndi kwa Kabudula, kumene Loweruka m'mawa timakumana m'njira titanyamula Baibulo ndi buku la Khristu mu Nyimbo.