MBIRI YA JOSEPH BOOTH, WOYAMBITSA MISYONI YA KU THYOLO

Ambiri a ife tithyola tiyi m'minda ya ku Thyolo, ndipo tikadwala tithamangira ku Malamulo. Koma owerengeka okha adziwa munthu amene anayamba misyoni pamalo paja, tiyi asanabzalidwe m'mapiri ano. Dzina lace ndiye Joseph Booth.

Iye anabadwira ku Derby, m'dziko la England, caka ca 1851. Pa unyamata wace anakayika za cipembedzo ca makolo ace, nafunafuna coonadi nthawi yaitali, kufikira anatembenuka mtima nalowa mpingo wa Baptist. Anaweta nkhosa ku New Zealand, pambuyo pace nacita malonda ku Melbourne, napeza cuma. Kumeneko ankatsutsana poyera ndi anthu okana Mulungu. Mu 1891 mmodzi wa iwo anamkumbutsa za mnyamata mwini cuma uja, amene Ambuye anamuuza agulitse zace zonse, namfunsa cifukwa cace iye mwini sanatero. Mau a wosakhulupirirayo anamlasa mtima. Anagulitsa malonda ace. Ndipo ngakhale mkazi wace anamwalira ulendo uli pafupi, sanabwerere m'mbuyo.

Mu 1892 anafika ku Blantyre ndi kamwana kace kakakazi Emily, nayamba Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Mnyamata wa nchito m'nyumba mwace, John Chilembwe, ndiye anasamala Emily pakudwala kwace. Booth anambatiza mu 1893, namuka naye ku America mu 1897. Mwana wace wamwamuna Edward anamwalira kuno mu 1894. Booth ankalipira anchito ace koposa Azungu anzace, nalemba buku lochedwa Africa for the African. Cifukwa ca izi eni minda ambiri anamuda.

Mu 1899 analemba pempho kwa Mfumukazi Victoria, kuti msonkho wa nyumba ugwire nchito yophunzitsa eni dziko, ndi kuti patapita zaka adzilamulire okha. Bwanamkubwa Alfred Sharpe anafuna kumpitikitsa, ndipo iye anathawira ku dziko la Apwitikizi. Boma linamlola kubwera atalonjeza kuleka nkhani zotere. Pamenepo, mu 1900, anatsegula misyoni ku Thyolo m'dzina la a Seventh Day Baptist, naicha Plainfield. Anayembekeza kuti khofi adzadyetsa misyoni, monga mahema anadyetsa Paulo. Koma khofi anakanika, ndalama zinatha, ndipo mu 1902 malowo anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist. Booth anadza ndi Thomas Branch, mlaliki wakuda wa ku America, koma sanamvane naye, nacoka itapita miyezi yowerengeka. Boma silinamlolenso kulowa m'dziko muno. Dzina la Malamulo linadza mu 1907.

Pamene Chilembwe anaukira boma mu January 1915, ambiri analoza Booth cala, cinkana iye anali kutali, ndipo anali munthu wokana nkhondo ndi kukhetsa mwazi. Caka comweco anacotsedwa kum'mwera kwa Africa, natumizidwa ku England. Anamwalira ku Weston-super-Mare mu 1932, wosauka ndi woiwalika.

Tsono tinene ciani za munthu uyu? Sitibisa zolakwa zace. Anali wosakhazikika: anasintha mipingo kawirikawiri, anakangana ndi omtuma ndi anzace a nchito, nasiya akristu atsopano monga nkhosa zopanda mbusa. Kugawikana kwina kwa mipingo m'midzi mwathu kunayamba m'masiku ace. Koma tikumbukirenso kuti anataya cuma cace, anaika mwana wace m'nthaka yathu, nanena poyera kuti munthu wakuda ndi woyera alingana pamaso pa Mulungu, m'masiku amene thangata linali kulemera pa mapewa a makolo athu. Mbeu imene anaisiya inamera m'manja mwa ena: sukulu ndi cipatala ca Malamulo zikalipo kufikira lero.

Cifukwa cace, abale, musafulumire kutaya mwana wanu amene afunsa mafunso obvuta za Mulungu. Mtima wokayika ukapeza coonadi ucigwira ndi manja awiri. Ndipo musasunge mangawa pa mbale amene anakulakwirani m'mpingo, kapena anasamukira ku cipembedzo cina. Ngati Ambuye anagwiritsa nchito cotengera cong'aluka cotere kutungira anthu madzi amoyo, ife ndife yani kuti tikane kukhululukira? Woweruza wa Booth ndiye Woweruza wathunso, ndipo tonse tidzafuna cifundo cace tsiku lomwelo.