A Billy Goodson Chisupe, Bambo wa Mchape

Anzanga, ambirife sitinabadwe nthawi imeneyo, koma mukafunse makolo anu. A Billy Goodson Chisupe anali mkulu wa m'mudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, m'boma lathu lomwe lino la Machinga. Mu 1994 iwo ankati alota mizimu ya makolo ikuwaonetsa mtengo wochiza Edzi. Anayamba kuviika makungwa ake m'madzi n'kumamwetsa anthu ulere.

Pofika 1995 kunali chinamtindi. Anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumeneko pa mabasi, malole ndi njinga. Agogo anga aakazi anapitako ndi mwana wawo wodwala. Amati atangomwa kapu imodzi ija, mantha onse anatha, mpaka anayamba kudya nsima bwinobwino. Ine ndimaona ngati chinagwira ntchito ndi chikhulupiriro, chifukwa nthawiyo kuchipatala kunalibe ma ARV aulere, anadzayamba mu 2004. Munthu ukamva kuti uchira, mtima umakhala pansi.

Koma kachilombo sikanachoke ayi. Amalume angawo anamwalira chaka chotsatira. A Chisupe nawo anatisiya kalekale, koma agogo mpaka lero sawanenera zoipa.