HENRY WILLIAM STIEGEL, MWINI NG'ANJO YA MAGALASI (1729–1785)

Masiku ano tambula wagalasi apezeka ngakhale m'kasitolo ka pa Kacholola, ndipo palibe azizwa naye. Koma kale m'dziko la America zomwera zagalasi zinali za eni cuma, pakuti zambiri zinali kucokera tsidya la nyanja, ku Ulaya. Mmodzi wa iwo amene anayamba kuzipanga komweko ndiye Henry William Stiegel.

Iye anabadwa m'caka ca 1729 ku dera la Cologne, m'dziko la Germany. Mu 1750 anaoloka nyanja pamodzi ndi amake ndi mphwake, nafika ku Philadelphia. Anapeza nchito kwa Jacob Huber, mwini ng'anjo yosungunula citsulo, nakwatira mwana wake Elizabeth mu 1752. Popita nthawi ng'anjoyo inakhala ya Stiegel ndi anzake. Mu 1762 anakhazika mudzi watsopano wochedwa Manheim, m'Pennsylvania, namangamo nyumba yopangira magalasi, imene inayamba nchito mu 1765. Ina yoposa iyo inamangidwa mu 1769.

Galasi lipangidwa ndi mcenga woyera ndi mcere wa m'phulusa la nkhuni. Zitasungunuka pa moto waukali, mmisiri atapa phalalo ndi mpope wacitsulo, nauzira mpweya kufikira litatupa monga cikho. Litazizira, wozokota alilandira. Iye akhala pa kagudumu ka mkuwa kozungulira msanga, kopakidwa mafuta ndi fumbi la mwala wolimba, nakhudzitsa tambulayo pang'ono pang'ono, kufikira maluwa, masamba ndi mbalame zioneka pamenepo. Mai wozokota mbiya akaphonya asalaza dothi ndi cala. Koma pa galasi colakwa cikhala cikhalire. Cifukwa cace Stiegel anaitana amisiri a ku Ulaya, ndipo mu 1773 analemba nchito Lazarus Isaacs, wozokota wocokera ku London.

Cuma citacuruka, mtima wake unakwezeka. Anayenda m'gareta wa akavalo, namanga nyumba zazikuru. Ndipo anthu asimba kuti pofika iye mzinga unali kuomba, oyimba nayimba pamwamba pa nyumba. Anamucha Baron, ndiko kunena mfumu, angakhale sanabadwa m'banja laufumu. Koma zambiri za izi anazicita ndi ndalama zokongola.

Komabe anali munthu wokonda mpingo wake wa Lutheran. Pa 4 Disembala 1772 anapatsa Akristu a ku Manheim malo omangapo nyumba ya Mulungu. Mtengo wake unali mashiling'i 5, ndi duwa limodzi lofiira la rozi caka ndi caka m'mwezi wa Juni.

Pamenepo masiku oipa anafika. Malonda analowa pansi, eni ngongole nasonkhana pakhomo pake. Mu 1774 zake zonse zinagulitsidwa, ndipo iye anaikidwa m'ndende ya amangawa, naturuka madzulo ace a Krisimasi wopanda kanthu. Anakhala kapitao pa ng'anjo yomwe inali yake kale, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa ana kuwerenga ndi kuyimba kuti apeze cakudya. Anamwalira ali waumphawi pa 10 Januwale 1785.

Pa matambula ake sanalembepo dzina, kotero kuti ngakhale akatswiri abvutika kusiyanitsa ake ndi a ku Ulaya. Pa manda ake panalibe mwala. Nyumba ya magalasi inapasuka kalekale. Koma mu 1892 mpingo wa Zion ku Manheim unautsanso pangano lija, ndipo mwezi wa Juni uli wonse upereka duwa lofiira kwa mmodzi wa zidzukulu zake. Zimene anadzikundikira zinasweka monga galasi. Kamunda kamene anapereka kwa Mulungu ndiko kasunga dzina lake.